Kwa makasitomala athu: holo itsekedwa, mtengo wa zipinda ukwera

Okondedwa makasitomala athu,

Kalata iyi ndakhala ndikuizengereza, koma nkhani yafika poti sindingaibisenso. Kuyambira mwezi wamawa holo yathu itsekedwa mpaka khoma lakumpoto litakonzedwa, ndipo chipinda chilichonse chikwera ndi £15 pa usiku.

Ambiri a inu mumakonda nyumbayi chifukwa cha ukale wake, ndipo ukale womwewo ndi umene wandigwetsa m'mavuto. Inamangidwa m'zaka za m'ma 1400 kuti muzikhala wansembe wa parishi ino. Nsanamira ndi mitanda yake ndi ya mtengo wa oak, yolumikizidwa ndi zikhomo zamtengo. Pakati pa nsanamira analuka timitengo n'kumata dothi, ndendende nyumba ya agogo kumudzi, kungoti kuno ku Sussex, ku England, anthu amalipira kuti agonemo.

Tisanabwere ife, wina anapaka simenti kunja kwa khomalo poganiza kuti akuliteteza. Simenti sitaya chinyezi ngati laimu, choncho madzi akhala akutsekeredwa mkati zaka zonsezi. Mtanda wapansi, umene nsanamira zonse zaimapo, wawola, ndipo tizilombo totchedwa deathwatch beetle tamalizitsa ntchito. Mmisiri atabaya ndi sikuludiraiva, inangolowa ngati mu papaya lakupsa. Ndinasowa chonena.

Musaganize kuti ndinangokhala. Nyumbayi ili m'kaundula wa nyumba zotetezedwa, pa Grade II* (gulu la nyumba zakale zofunika kwambiri), ndipo mwa lamulo la 1990, kusintha maonekedwe ake popanda chilolezo ndi mlandu. Ndalemba makalata, ndajambulitsa mapulani, ndaimba foni mpaka kutopa. Akuluakulu abwera, agogoda khoma, apita. Akuti oak yekhayekha, laimu yekhayekha, mmisiri wodziwa zakale. Zoona, koma wolipira ndani? Pamwamba pake pali VAT ya 20%. A National Trust, bungwe losamalira malo akale, anagula Clergy House ya ku Alfriston, nyumba yamtundu womwewu, ndi £10 mu 1896. Lero ndi £10 mmisiri sangakwere n'komwe makwerero.

Ndikudziwa kuti malo ena otchipa alipo, ndipo zimenezi zikundisowetsa tulo. Mwatisunga zaka zonsezi ndi maukwati, zinkhoswe ndi maphwando a pa 6 July, ndipo ndikuthokoza kwambiri. Chonde musatitaye pano.

Amene munalipira kale holo ndikuimbirani mmodzimmodzi. Chakudya cham'mawa chilipobe, koma muzilowera khomo lakumunda.

Ine wanu,
Mwini malo