Makina oyamwa carbon dioxide asatigonetse tulo

Mkonzi,

Sindikugwirizana ndi nkhani zotamanda makina oyamwa mpweya wa carbon dioxide ngati kuti ndiwo athetse kutentha kwa dziko.

Ndinagwirapo ntchito mu labotale ndi timibulu topakidwa mankhwala otchedwa amine, tomwe timaikidwa m'makina otere kuti tizikola carbon dioxide. Timibuluti timakoladi mpweyawu, koma kuti tiulavule pamafunika kutitenthetsa mpaka madigiri pafupifupi 100, ndipo kutenthako kumadya mphamvu zambiri. Chinandidetsa nkhawa kwambiri n'chakuti amine amaonongeka akakumana ndi okosijeni pamalo otentha. Timibulu tikagwira ntchito kangapo timayamba kufooka, tina n'kutayidwa.

Fakitale ya makina otere yotchedwa Orca, ya kampani ya Climeworks ku Iceland, yomwe inatsegulidwa mu 2021, inapangidwa kuti izikola matani 4,000 a mpweyawu pachaka. Dziko lonse limatulutsa matani oposa 35 biliyoni pachaka.

Kafukufukuyu apitirire, n'ngofunika. Koma atolankhani anu azifunsa makampaniwa kuti timibulu timakhala nthawi yaitali bwanji, magetsi akuchokera kuti, komanso akachotsera utsi wotuluka popanga zonsezi patsala matani angati. Maboma nawo asaleke kukakamiza mafakitale kuchepetsa utsi podalira makinawa.

Wowerenga wanu