Ana ovina sitiyenera kuwakumbukira pokhapokha kukabwera alendo

A Mkonzi,

Ndiloleni ndilankhulepo za magulu a ana ovina ndi ochemerera amene achuluka m'makomboni a Chipata, nkhani imene ambiri amaiyesa yachibwana. Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala ku Kapata, ndipo kwa zaka zinayi tsopano ndakhala mayi woyang'anira gulu limodzi la ana otere. Gule amaphunzitsa ndi achinyamata awiri, mnyamata ndi mtsikana. Ine ndimasunga kaundula ndi zovala, ndipo ndimaperekeza ana kulikonse kumene aitanidwa.

Timakumana Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu, 15 koloko, pabwalo lafumbi kuseri kwa tchalitchi china. Anyamata amafika msanga kudzawamba ng'oma pamoto wa makatoni otoledwa kumsika, akuigogoda ndi chala kufikira itayamba kulankhula bwino. Atsikana amamanga zitenje m'chiuno nayamba ndi chimtali kapena chitelele. Kenaka anyamata amalowa ndi ngoma, zishango zawo zodulidwa ku makatoni omwewo, ndipo fumbi limakwera mpaka pamtengo wa mango. Chakumapeto amachita cheerleading, masewera ochemerera movina, imene anaphunzira poonera mavidiyo pa foni ya mphunzitsi wawo. Zogwedeza m'manja zija anazipanga okha posasula matumba a ufa. Gawo limene amalikonda kwambiri amalitcha kumanga nsanja: atatu amaima pansi, mmodzi kumbuyo kugwira m'chiuno, wopepuka n'kukwera pamwamba atatambasula manja.

Nsanja imeneyi ndi imene yandichititsa kulemba. Chaka chatha mtsikana wathu wapamwamba, wazaka 14, sanabwere Lolemba. Lachitatu sanabwerenso. Ndisanatsegule n'komwe kaundula, anzake anandizungulira nati, "Amayi, nsanja siikumangika, wapamwamba kulibe." Lachisanu ndinatenga atsikana awiri odziwa nyumba, tinapita ku Mchini. Tinapeza agogo ake okha, ndipo anayamba azungulirazungulira asananene zoona: mwana anatengedwa ndi amalume ake kupita kumudzi cha kunjira ya ku Chadiza, ndipo mwamuna wina anali atapereka kale gawo la chimalo. Agogowo analira. Iwo sanafune, koma m'nyumba munalibe ufa, ndipo mawu awo sanamveke. Loweruka ndinakwera galimoto ndi mayi mnzanga wakutchalitchi, tinakagwada kwa anyakwawa a mudziwo. Anyakwawa anaitanitsa amalume aja, ndalama zinabwezedwa, ndipo mwanayo lero ali m'kalasi.

Kusukulu kwake anali asanadziwe kuti wasowa. Aphunzitsi ake sindikuwanena, chifukwa choko ndinachigwira zaka zambiri. Kuchokera mu Januwale 2022 pamene maphunziro anakhala aulere, ana adzaza m'makalasi, ndipo n'chinthu chabwino kwambiri. Koma mphunzitsi mmodzi amene ali ndi ana odzaza mpaka pakhomo sangaone msanga kuti pabenchi lakumbuyo pachepa mutu umodzi. Pagule n'zosiyana. Aliyense ali ndi malo ake pamzere, ndipo akasowa, dzenje lake limaonekera kwa onse tsiku lomwelo. Woyimba ng'oma yaing'ono akapanda kubwera, yaikulu imamveka yamasiye.

Malamulo otchinjiriza ana tili nawo. Kuyambira mu 1997 mtsikana amene watenga pathupi amaloledwa kubwerera kusukulu akabereka. Mu 2022 tinalandira lamulo la ana, ndipo mu Disembala 2023 lamulo la maukwati linasinthidwa kotero kuti ukwati wa munthu wosakwana zaka 18 ndi wopanda mphamvu, ngakhale utamangidwa pachikhalidwe. Kalonga Gawa Undi ndi Inkosi ya Makosi Mpezeni akhala akudzudzula poyera kukwatitsa ana. Komabe kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa mu 2018 anapeza kuti pa atsikana 100 alionse azaka 15 mpaka 19, okwana 29 anali ndi mwana kale kapena anali oyembekezera. Lamulo lili m'mabuku ku Lusaka, mawu a mafumu amamveka pamisonkhano, koma kuti zigwire ntchito pamafunika munthu woti aone Lachitatu masana kuti uje sanabwere, n'kunyamuka kukafunsa. Kwa mwana wathu uja, amene anaona anali anzake azaka 13 ndi 14.

Kwa anyamata nkhondo yake ndi ina. Tujilijili, timapaketi ta mowa waukali tija, tinaletsedwa mu 2012, koma kachasu ndi chamba sizinachoke, ndipo timagulu ta anyamata amene anthu akuwatcha majanki timatidziwa tonse. Mnyamata wa zaka 15 amafuna gulu loti limutche dzina ndi kumuwerengera. Akapanda kulipeza kwabwino amalipeza kuseri kwa msika. Pathu pali lamulo limene anaika ana okha: wonunkha mowa sagwira ng'oma. Ndinaona mnyamata wina atakhala pamwala masabata awiri akuyang'ana mnzake akuimba ng'oma imene iye ankaiyesa yake, nsagwada zitalimba. Sabata yachitatu anabwera atasamba, maso ali oyera, ndipo anzake anamupatsa ng'omayo popanda mawu. Sindinganame kuti onse timawapulumutsa. Awiri anatichoka, ndipo mmodzi ndimamuonabe kusiteshoni ya mabasi, akandiona amatembenuka. Zimandipweteka nthawi iliyonse.

Makolo ena amandiuza kuti zovina zimaononga ana. Ndimawamvetsera, chifukwa mantha awo ali ndi pogwira. Alipo magulu amene amatengera atsikana kumabala usiku kuti akavinire oledzera. Alipo ophunzitsa amene amatsala okha ndi mwana wamkazi anzake atapita. Alipo ojambula ana akugwedeza chiuno n'kuika pa TikTok popanda kholo kudziwa. Zimenezi n'zoipa ndipo tizitchule kuti n'zoipa. Koma mankhwala ake ndi munthu wamkulu wokhalapo. Pathu timaweruka 17 koloko, dzuwa lisanalowe. Palibe mwana amayenda ulendo popanda mayi woperekeza ndi chilolezo cha kholo. Temu ikatha aliyense amabweretsa lipoti la kusukulu, ndipo wojomba m'kalasi amakhala pambali kufikira atakonza. Zovala tinagwirizana ndi amayi awo: masiketi ofika m'mawondo, ndi kabudula mkati. Mayi wina amene poyamba ankakana mwana wake ndiye amatisokera tsopano.

Ena amati cheerleading ndi yachizungu. N'zoona kuti inayambira ku America, m'mabwalo a mpira a mayunivesite chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo oyamba kuchemerera anali amuna. Lero ndi masewera odziwika moti mu 2021 komiti ya Olimpiki inavomereza bungwe lake la dziko lonse. Koma ine sindiona chachilendo pa kuchemerera. Nthungululu za amayi ku Mtenguleni pa Nc'wala, pamene madoda akupondaponda ngoma, n'chiyani ngati si kuchemerera? Ndipo kuti gule amaphunzitsa, ife a kum'mawa sitiyenera kuuzidwa ndi munthu. Nyimbo za chimtali zakhala zikudzudzula mwamuna wachidakwa ndi mkazi wamiseche kuyambira kale, wolakwayo ali pomwepo akumva. Gule Wamkulu amene timakaonera ku Mkaika pa Kulamba, amene UNESCO inamulemekeza mu 2005, ndi mwambo wolangiza anthu makhalidwe. Ana athu angotenga njira yomweyo. Mfuu zawo zochemerera amazipeka okha m'chinenero chathu, ndipo zimanena za kumaliza sukulu, za kukana mphatso za madala amagalimoto, za kuulula wina akakugwira mosayenera. Mtsikana amene m'kalasi samatha kukweza dzanja amafuula zimenezi pamaso pa anthu mazana, amalume ake ali m'gulumo.

Chimene chimandiwawa ndi momwe akuluakulu amawaonera ana amenewa. Amawakumbukira pakakhala mlendo wolemekezeka. Miyezi ingapo yapitayo ofesi ina inatiitana kumwambo wake. Anatiuza kufika 7 koloko m'mawa, ndipo tinafika ana atavala kale. Akuluakulu anakhala m'tenti. Ife anatiika padzuwa, pambali pa magalimoto. Mlendo anafika itadutsa 13 koloko. Pofika nthawiyo kamtsikana kathu kena kanali katakomoka ndi njala, ndinakakupiza ndi chitenje changa ndi kukamwetsa madzi amene ndinagula ndi ndalama yanga. Ana anavina mphindi zosakwana khumi, anthu anaomba m'manja, mafoni anajambula, wolankhula ananena kuti achinyamata ndiwo tsogolo la dziko. Atatha, aliyense anakwera galimoto yake. Galimoto imene anatilonjeza sinaoneke, tinayenda wapansi kubwerera ku Kapata, anyamata atasenza ng'oma pamutu. Panjira mmodzi anandifunsa kuti, "Amayi, kodi tinalakwitsa pati?" Ndinalibe chomuyankha.

Aliyense woitana ana kuti adzavine adziwe kuti waitana ana a eni. Awapatse mthunzi, chakudya ndi chokwera, ndipo avine koyambirira kuti azipita. Andale nawonso asiye kuwaveka zitenje zachipani nyengo ya kampeni ikafika. Mwana wazaka 12 savota.

Koma chachikulu chimene tikusowa ndi malo. Mvula ikayamba mu Novembala bwalo lathu limasanduka matope, ndipo mpaka Malichi timakumana mwa apo ndi apo. Ng'oma yonyowa siilira, ndipo nsanja sungaimange poterera. Miyezi yomweyi muli tchuthi chachitali cha Disembala, ndiponso ndi nthawi imene nkhokwe zambiri zimakhala zitatha. M'kaundula wanga maina amene ndinawadula mzere, ambiri anasowa nyengo imeneyi. Pamene ana akufunika kuwerengedwa kwambiri mpamene tilibe powawerengera. Chonsecho maholo a masukulu ndi a matchalitchi amakhala otseka masana ambiri, ndipo tikapempha amatitchula mtengo wofanana ndi wa ukwati.

Ndalama za CDF, thumba la boma la chitukuko cha m'madera, zinakwera kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwensi iliyonse mu 2022, ndipo zakhala zikukwerabe. Makalasi ndi madesiki amene zagula ndawaona ndi maso anga, ndipo ndikuyamikira. Ndikupempha makhansala athu ndi makomiti a chitukuko m'mawadi kuti aganizireko chisakasa chimodzi chamalata chokhala ndi simenti pansi ku Kapata, china ku Mchini, china ku Nabvutika, choti magulu onse a ana azisinthana. Pakhale matiresi ochepa otchinjiriza wogwa, chifukwa panopa wapamwamba akaphonya amagwera m'manja mwa anzake kapena padothi louma. Unduna wa Achinyamata, Masewera ndi Zaluso uli ndi maofesi kuno. Utathandiza kulemba magulu onse m'kaundula, kufufuza mbiri ya ophunzitsa, ndi kulamula kuti gulu lililonse la ana likhale ndi mayi woyang'anira, magulu opita kumabala aja angaonekere okha. Mipikisano ya zaluso ya masukulu ilipo ndipo ndi yabwino, koma imafikira mwana amene ali kale pasukulu. Gulu la m'komboni limafikira ndi uja amene anasiya. Atatu mwa ana anga anabwerera m'kalasi chifukwa anzawo anawauza kuti popanda lipoti sadzavina.

Ku Lusaka gulu la Barefeet lakhala likugwiritsa ntchito zisudzo, gule ndi masewera olimbitsa thupi pothandiza ana a mumsewu kuyambira mu 2006. Ife Chipata inakhala mzinda mu 2017, tili ndi bwalo la David Kaunda, tili ndi mawailesi amene amamveka mpaka kumidzi. N'chiyani chingaletse kuti Loweruka limodzi pa temu magulu onse a m'makomboni akumane pabwalopo, popanda mlendo wolemekezeka woti adikiridwe, makolo atakhala m'mipando, ana a ku Magazine aone zimene a ku Mchini akutha? Pa 12 Malichi, Tsiku la Achinyamata, ana amaguba n'kubalalika. Ndikufuna tsiku lina loti iwo akhale eni mwambo.

Kwa makolo anzanga ndikuti, mwana wanu akati akupita kogule, musamuletse musanaone, ndipo musamulole musanaone. Mutsatireni tsiku limodzi. Funsani dzina la wamkulu woyang'anira, funsani nthawi yoweruka, onani ngati pali buku la maina. Mukapeza kuti palibe wamkulu, khalani inuyo. Sipafunika kudziwa kuvina. Pafunika mpando, cholembera, ndi miyendo yopita kukagogoda pakhomo pa mwana amene wasowa kawiri.

Mtsikana wathu uja anakula, salinso wopepuka, tsopano amaima kumbuyo kwa nsanja kugwira m'chiuno kamtsikana kena ka giredi 5. Mitambo yayamba kale kusonkhana cha ku Mwami, ndipo sindikudziwa kumene tidzakumanira mvula ikagwa. Khansala kapena mkulu wa sukulu amene ali ndi holo yotseka abwere Lachitatu likudzali, 15 koloko. Akafika kumsika wa Kapata angotsata kulira kwa ng'oma.

Ine wanu,
Mphunzitsi wopuma pantchito,
Kapata, Chipata.