Kalata kwa mwana wanga amene akufuna kugula njinga yamoto yamagetsi

Wokondedwa mwana wanga,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse kumeneko, iwe, mpongozi wathu ndi adzukulu athu. Ife kuno ku Dedza tili bwino. Amayi ako andifotokozera kuti ndalama zimene wakhala ukusunga ukufuna kugulira njinga yamoto yoyendera magetsi, yoti uzikwera popita ku ntchito kuchokera ku Area 25, ndiponso kuti ukufuna kumva maganizo anga usanapereke ndalamazo. Ndasankha kulemba kalata m'malo moimba foni kuti ukhale ndi poyang'ana pamene ukukambirana ndi ogulitsa.

Maganizo akowo ndikugwirizana nawo. Petulo yense amene timagwiritsa ntchito m'dziko muno amachokera kunja, kudzera ku madoko a Beira, Nacala ndi Dar es Salaam, ndipo amagulidwa ndi madola amene dziko lathu limawasowa kawirikawiri; n'chifukwa chake kuyambira mu 2022 mizere italiitali pa malo omwetsera mafuta yakhala ikubwerera nthawi ndi nthawi. Koma magetsi athu ambiri amapangidwa konkuno, ndi madzi a mtsinje wa Shire pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Njinga za msinkhu umene ukufunawo zimakhala ndi batire lolowa mayuniti 3 kapena 4, ndipo likadzaza zimayenda makilomita pakati pa 60 ndi 90, mtunda umene njinga ya petulo ingamwerepo malita 2 kapena kuposerapo. Utenge mtengo wa yuniti ya ESCOM ndi mtengo wa lita ya petulo, uwerengetse wekha, ndipo uona kuti kusiyana kwake ndi kwakukulu. Pamwamba pa apo sudzagulanso oyilo wa injini, pulagi kapena kilatchi, ngakhale kuti matayala, mabuleki ndi tcheni zizitha monga pa njinga ina iliyonse.

Chimene ndikufuna kuti uchimvetsetse usanagule ndi chakuti gawo lalikulu la ndalama zako likupita ku batire. Chitsulo cha njinga ndi mota yake zikhoza kukhala zaka zambiri, koma batire limakalamba tsiku lililonse, kaya ukuyenda kaya njinga yangoima, ndipo pakapita zaka uona kuti mtunda umene linkakuyendetsa poyamba wayamba kuchepa. Tsiku lidzafika lofuna lina, ndipo batire latsopanolo lidzachokera kunja pa mtengo wotsatira dola. Ukukumbukira kuti kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo katundu yense wochokera kunja anakwera nthawi yomweyo. Choncho ndalama zimene uzipulumutsa pa petulo mwezi ndi mwezi uzione ngati chimanga cha mbewu, chimene sichipita ku chigayo ngakhale njala itavuta. Uzisunge padera kuyambira mwezi woyamba, pamalo amene sungazitenge mosavuta. Munthu amene wazidya poganiza kuti ndi phindu adzapezeka ali ndi njinga yabwinobwino itangokhala pakhonde chifukwa chosowa batire.

Pa chifukwa chimenechi, ukapita kwa ogulitsa, usatengeke ndi utoto kapena liwiro. Ufunse kuti batirelo ndi la mtundu wanji. Mabatire a lithiyamu alipo a mitundu ingapo, ndipo amene amalembedwa kuti LFP ndi olemerako pang'ono, koma amapirira kutentha, sagwira moto msanga, ndiponso amatha kutchajidwa maulendo ambiri kuposa anzawo asanafooke. Kwa munthu woyenda mumzinda, amene sakufuna mpikisano, amenewa ndiwo ndingasankhe. Ufunsenso kuti waranti ya batire ndi ya zaka zingati kapena makilomita angati, ndipo akulembere papepala lokhala ndi chidindo, chifukwa lonjezo lapakamwa silidzakuthandiza wogulitsayo akadzasintha ntchito. Uwauze akuonetse ndi maso ako zipangizo zosinthira zimene ali nazo m'sitolo, makamaka tchaja ndi kabokosi kolamulira mphamvu yopita ku mota, ndiponso akuuze kumene kuli makaniko wophunzitsidwa ntchito imeneyi. Amakaniko athu a pansi pa mtengo amaidziwa bwino injini ya petulo, koma njinga yamagetsi ikazima imafuna munthu wodziwa kuyeza magetsi, ndipo wongoyerekeza akhoza kukupsereza zonse. Njinga yogwiritsidwapo kale ntchito ndikanakonda uipewe, pakuti batire lotopa silioneka ndi maso.

Ku Kigali, m'dziko la Rwanda, vuto limeneli analipezera njira ina. Kampani ngati Ampersand imagulitsa njinga koma batire limakhala lake. Woyendetsa likamuthera amafika pa siteshoni, kusiya lopanda moto n'kutenga lodzaza m'mphindi zochepa, ndipo amalipira magetsi amene wagwiritsa ntchito. Njinga zamagetsi zakhazikika moti kuyambira Januwale 2025 mzindawo unasiya kulembetsa njinga zatsopano za petulo zonyamula anthu. Ngati ogulitsa akowo ali ndi dongosolo lofanana ndi limeneli, ulilingalire mofatsa, chifukwa limakuchotsera nkhawa ya kukalamba kwa batire. Koma udziwenso kuti limakumangirira ku kampani imodzi, ndipo ikadzatseka kapena kukweza mitengo, iwe udzasowa kolowera.

Ngati batire likhale lako, mdani wake wamkulu ndi kutentha. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala usamaimike njinga padzuwa tsiku lonse ku ntchito. Upemphe malo a mthunzi. Ukafika kunyumba batire lili lotentha, uzilidikira lizizire usanalumikize tchaja. Usamalikamule mpaka kutheratu, ndipo ngati ukuchokapo kwa milungu ingapo ulisiye lili ndi moto wapakatikati, osati lopanda kanthu. Mvula wamba silivuta, koma madzi osefukira pamsewu, amene sukuona pansi pake, uziwalambalala, ndipo anyamata otsuka galimoto usawalole kuthira madzi a mphamvu pamene pali batire ndi mawaya.

Tsopano ndifike pa chimene chikutidetsa nkhawa kwambiri ine ndi amayi ako, chifukwa chikukhudza ana. Batire la lithiyamu likawonongeka mkati limatha kudziyatsa lokha, moto wake umakula m'kanthawi kochepa, utsi wake ndi wapoizoni, ndipo ngakhale uoneke ngati wazima umatha kuyakanso. Mu 2023 mokha anthu 18 anafa mumzinda wa New York pa moto woyamba ndi mabatire otere, ndipo moto wambiri unkachokera ku njinga zing'onozing'ono zamagetsi zosungidwa m'nyumba zogona anthu. Ndikudziwa kuti m'tauni anthu amalowetsa njinga pabalaza usiku poopa akuba, ndipo malo amene amaimika ndi pafupi ndi chitseko, pamene banja lonse liyenera kutulukira zinthu zikavuta. Iwe usachite zimenezo. Ngati ndalama zikukwanira njinga koma osakwanira kakhumbi kokhoma kunja kwa nyumba, kokhala ndi soketi yakeyake yoikidwa ndi munthu wa magetsi wovomerezeka, ndiye kuti ndalama sizinakwane, udikire kaye. Uzigwiritsa ntchito tchaja chimene chabwera ndi njingayo basi, osati cha pamsika, ndipo usachilumikize ku ekisitenshoni yopyapyala imene mumatchajira mafoni. Uzitchaja madzulo muli maso, n'kuzula musanagone. Magetsi akazima pakati, uzule tchaja nthawi yomweyo, chifukwa pobwera nthawi zina amabwera ndi mphamvu yosakhazikika. Batire likatupa, likayamba kununkha zachilendo, likatentha mopitirira kapena likamenyeka pa ngozi, ulitulutse panja kutali ndi nyumba, ndipo lisalowenso mpaka odziwa ataliyeza.

Za kuzima kwa magetsi uzikonzekere, pakuti sunaiwale mmene tinavutikira namondwe Ana ataononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko n'kutaya pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Uzolowere kutchaja pamene magetsi alipo, osadikira kuti batire lithe, ndipo ufunse akuluakulu a ku ntchito kwako ngati angakulole kutchajira kumeneko polipira mayuniti. Sola yaing'ono ya mawati 100 imatulutsa pafupifupi theka la yuniti pa tsiku la dzuwa labwino, motero usaiwerengere.

Usaganizenso zobwera nayo kuno ku mudzi. Kuchokera ku Lilongwe kufika ku Dedza ndi makilomita pafupifupi 85, ndipo kuchokera kwanuko umawonjezerapo ena. Komanso msewu wa M1 ukukwera mamita oposa 500 pofika kuno. Mtunda umene ogulitsa amalemba pa pepala amauyeza pamalo athyathyathya, ndi munthu mmodzi woyenda pang'onopang'ono. Chitunda, liwiro, mphepo yakutsogolo ndi katundu zimadya batire msanga, ndipo likakuthera pa Chimbiya kapena pa Linthipe palibe wa chigubu amene angakuthandize. Njingayo ndi ya mumzinda. Kuno uzibwera pa basi monga kale.

Pamsewu pali zinthu ziwiri zimene zimasiyanitsa njinga imeneyi ndi zimene unazizolowera. Choyamba n'chakuti siilira. Anthu oyenda pansi kwathu kuno amadalira makutu podutsa msewu, ndipo mayi wosenza katundu pa msika wa Nsungwi, mwana wochokera ku sukulu kapena wa kabaza wa njinga yakapalasa sadzakumva ukubwera. Udindo wonse uli pa iwe: uchepetse liwiro pamene pali anthu, chala chikhale pa hutala, ndipo nyali iziyaka ngakhale masana kuti a malole a ku Kanengo ndi a maminibasi azikuona. Chachiwiri n'chakuti mphamvu yake imabwera yonse nthawi imodzi ukangopotoza chogwirira, popanda giya kapena kilatchi. Njinga yoyatsidwa ndi yozimitsidwa zimamveka chimodzimodzi, choncho ukatsika uzichotsa kiyi nthawi zonse, kuopa kuti mwana angaikhudze n'kuthawa naye. Masiku oyamba ukaphunzirire pa bwalo lopanda anthu, makamaka kunyamuka pang'onopang'ono ndi kumanga mabuleki onse awiri pamchenga.

Malamulo a pamsewu sasintha chifukwa chakuti njinga ilibe injini ya petulo. Ukailembetse ku Road Traffic, ukhale ndi laisensi ya njinga yamoto ndi inshulansi, ndipo ugule zipewa zodzitetezera ziwiri zolimba, chako ndi cha mpongozi wathu, zomanga lamba pachibwano ulendo uliwonse, ngakhale wopita ku golosale. Madokotala a mafupa a ku Kamuzu Central ndi ku Queen Elizabeth akhala akudandaula poyera za kuchuluka kwa anthu ovulala pa ngozi za njinga zamoto, ndipo sitikufuna kudzakuona pa bedi la kumeneko. Anzako ndi abale adzabwera kudzabwereka, ena adzakunyengerera kuti uipereke kwa mnyamata aziyendetsa kabaza usiku. Uwakane mwaulemu, pakuti wobwereka sadziwa mmene batire lako limasamalidwira, ndipo mlandu wa ngozi umafika kwa mwini njinga.

Usanalipire, unditumizire pa WhatsApp chithunzi cha pepala la waranti ndi cha zolembedwa pa batirelo kuti ndiziwerenge, ndiponso undiuze kuti kakhumbiko ukamanga mbali iti ya nyumba komanso ngati eni nyumba avomera. Amayi ako akupereka moni kwa nonse.

Ndine,
Bambo ako