Dandaulo pa ntchito yosamalira makina a sonar a sitima yathu

Kwa Mkulu wa Kampani,

Bwana,

Ndine kaputeni wa sitima yonyamula katundu imene amisiri anu anagwirapo ntchito mwezi wathawu, pamene inali itatulutsidwa m'madzi kuti ikonzedwe. Tinapangana kuti muyeretse ndi kuyesa makina oyezera kuya kwa madzi otchedwa sonar, muone mawaya ake onse, kenako mutipatse chikalata chosonyeza zimene mwapeza. Chikalatacho munatipatsa, chosainidwa bwinobwino, ndipo ndalama tinalipira zonse. Koma ntchito yolembedwa m'chikalatamo si imene inagwiridwa pa sitimayo.

Tsiku lachitatu titabwerera pamadzi, tinkalowa padoko m'mawa kuli nkhungu. Sikirini inkaonetsa mamita 5. Ine ndinali ndi mtima m'malo, poti kuyambira kale makina athu amawerenga madzi otsala kunsi kwa sitima. Mnyamata wina amene anaima kumbuyo ndiye anakuwa kuti madzi asanduka matope. Nditayang'ana, ndinaona mchenga ukuvunduka m'mbuyo mwathu, madzi ali bii. Tinachepetsa liwiro, n'kuponya chingwe choyezera cha chitsulo kumapeto. Madzi onse kuchokera pamwamba mpaka pansi anali mamita 5, pamene sitimayo inali itamira kale mamita oposa 4 chifukwa cha katundu. Kunsi kwathu kunalibe ngakhale mita imodzi yathunthu. Tinapulumukira m'kamwa mwa mbuzi, tili anthu 14.

Titafufuza tinapeza kuti amisiri anu, poika pulogalamu yatsopano, anasintha powerengera: makina anayamba kuyeza kuchokera pamwamba pa madzi m'malo mwa kunsi kwa sitima. Sanabwezeretse, sanatiuze, sanalembe paliponse. Izi n'zimene zikundisowetsa tulo. Makina akafa timadziwa kuti afa, ndipo timayenda mosamala ndi chingwe m'manja. Awa ankayaka, ankaonetsa nambala yooneka bwino, ife n'kumaikhulupirira.

Vuto lachiwiri linaonekera kunja kwa doko. Kuya kwa madzi kukangopitirira mamita 60, pansi pamasowa, sikirini n'kungodzaza timadontho. Tinaitana munthu wosambira pansi pa madzi kuti akajambule transducer, kachipangizo kaja kotumiza mawu pansi ndi kuwamva akamabwerera. Zithunzi zake ndaziphatikiza ndi kalatayi. Nkhope ya kachipangizoka ili ndi mizere yakuya, yosonyeza kuti munthu anapala tizigoba ndi ndere pogwiritsa ntchito chitsulo. Pamwamba pa mizereyo anapakapo penti yomweyo ya thupi la sitima, yochindikala, mpaka m'mphepete simukuoneka. Bwana, inu mukudziwa kuposa ine kuti nkhope imeneyi imatsukidwa ndi madzi a sopo, burashi yofewa ndi chopalira chapulasitiki, ndipo ikafuna penti yoletsa ndere amapaka yosungunulira m'madzi, pang'ono chabe, chifukwa mankhwala amphamvu a penti ina amadya pulasitiki yake. Buku la wopanga makinawa likunena zimenezi, ndipo ndinalisiya ndekha m'manja mwa mtsogoleri wa amisiri anu.

Injiniya wathu anatsegulanso kabokosi kolumikizira mawaya. Anapeza waya atadulidwa n'kulumikizidwa ndi tepi wamba, chivindikiro chosamanga, mkati muli chinyontho, ndipo dzimbiri lobiriwira layamba kale pa mkuwa. Chonsecho m'chikalata chanu mwalemba kuti munayeza mphamvu ya chotchinga magetsi cha wayayo ndipo zonse zili bwino. Nambala imene munapeza ili kuti? Pamalo pake pangolembedwa kachizindikiro kochonga.

Makina amenewa ntchito yake ndi yowerenga nthawi. Mawu amayenda pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi m'madzi a m'nyanja yamchere, choncho pamalo akuya mamita 15 amapita ndi kubwerera m'gawo limodzi lokha mwa magawo 50 a sekondi. Mawu obwererawo amakhala ofooka kwambiri. Penti yochindikala, thovu, kapena waya wonyowa n'zokwanira kuwameza. N'chifukwa chake mmisiri wosamala, sitima ikabwerera m'madzi, amayerekeza zimene makina akuonetsa ndi kuya kodziwika asananyamule zida zake. Anu anachoka sitima idakali pouma. Ndiye anayesa bwanji? Ngati anayatsa transducer ili kunja kwa madzi, ndikufuna ndidziwe, chifukwa kutero kumatha kuitenthetsa n'kuiwononga.

Pangano la mayiko loteteza miyoyo panyanja lotchedwa SOLAS, m'mutu wachisanu, limalamula kuti sitima ya matani 300 kupita m'tsogolo ikhale ndi chida choyezera kuya kwa madzi, ndipo muyezo wa IMO, bungwe la mayiko loona za maulendo a panyanja, umalola kuphonya kwa theka la mita lokha poyeza madzi osaya, osafika mamita 20. Makina athu anatisocheretsa ndi mamita oposa 4. Oyendera sitima akabwera lero, wofunsidwa ndine, osati mmisiri amene anasaina.

Ndaimba foni ku ofesi yanu katatu. Koyamba anati mmisiri ali kutali. Kachiwiri anati mwina anyamata anga ndi amene anagwiragwira mabatani. Mawu amenewo anandipweteka, chifukwa powerengera paja pamatsegulidwa ndi nambala yachinsinsi imene ili ndi kampani yanu yokha. Kachitatu anangolonjeza kuti andiimbira, mpaka lero kuli zii.

Ndikupempha kuti pasanathe masiku 14 mutumize mmisiri wodziwa ntchito adzaone makinawa ine ndi injiniya tilipo. Waya wodulidwayo achotsedwe, aikepo wathunthu. Transducer iyesedwe, ndipo ngati yawonongeka muike yatsopano pa ndalama zanu, kuphatikizapo zotulutsira sitima m'madzi ndi zimene tinalipira wojambula uja. Chikalata chakale muchifafanize, mutipatse china chokhala ndi manambala enieni a zimene zayezedwa. Mukapanda kuyankha m'masiku amenewa, nkhaniyi ndiitengera kwa eni sitima ndi ku bungwe limene linakupatsani chilolezo chogwira ntchitoyi, pamodzi ndi zithunzi ndi buku la ulendo.

Pakadali pano tikulowa padoko lililonse pang'onopang'ono, munthu ataima kutsogolo ndi chingwe.

Ine wanu,
Kaputeni wa sitima