Kalata kwa Tadala: Kokacheza ndi Agogo Mumzinda

Wokondedwa Tadala,

Ndikhulupirira kuti uli bwino pamodzi ndi makolo ako. Mayi ako andiuza kuti gulu la agogo ako likukonza ulendo wa tsiku limodzi wokaona mzinda, ndipo iwe ukufuna kuthandiza kusankha malo. Ndakondwa kwambiri kuti wawaganizira, choncho ndikuuza zimene ndikudziwa.

Malo amene ndingayambire ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale. M'menemo muli zipangizo, zovala, zithunzi ndi ndalama zimene anthu ankagwiritsa ntchito iwe usanabadwe, ndipo zina mwa izo agogowo anazigwirapo ndi manja awo ali ana ngati iwe. Munthu wokalamba akhoza kuiwala kumene waika magalasi ake m'mawa uno, koma akaona chinthu cha paubwana wake nkhani zimangotuluka zokha, ndipo mnzake amene anali chete nayenso amayamba kuwonjezera zake. Usadabwe ukamva agogo ena akuwongolera munthu wofotokoza za malowo, chifukwa iye anaziwerenga m'buku pamene iwo anaziona ndi maso. Ukapita nawo utenge kope, ulembe nkhani imodzi kapena ziwiri.

Akachoka kumeneko angathe kukapuma kumunda wa mitengo ndi maluwa, kumene kuli mthunzi ndi mabenchi, ndipo mitengo ina imakhala ndi tizikwangwani ta mayina ake. Asayendeyende dzuwa lili paliwombo, chifukwa thupi la munthu wokalamba limachedwa kudziziziritsa, komanso samva ludzu msanga ngakhale madzi atachepa m'thupi. N'chifukwa chake uyenera kuwapatsa madzi asanapemphe.

Mvula ikagwa, laibulale yaikulu kapena kanema woonetsedwa masana angalowe m'malo mwa mundawo. Malo a phokoso ndi odzaza anthu, monga msika waukulu, sindingawasankhe, popeza amene makutu awo ayamba kufooka amavutika kumva mawu a mnzawo pakati pa phokoso, ndipo amangokhala duu osasangalala.

Usasankhe malo oposa awiri, mwananga. Ana mumakonda kuona zonse tsiku limodzi, koma ulendo wotere uyenera kuyenda pa liwiro la amene amayenda pang'onopang'ono kuposa onse. Uwapemphe amene akutsogolera gululo kuti aimbiretu foni kumalowo ndi kufunsa ngati kuli masitepe ambiri kapena chikepe, ngati chimbudzi chili pafupi, ngati kuli mipando yokwanira, komanso ngati njinga ya olumala ingalowe pakhomo. Zimenezi si zazing'ono ayi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti anthu opitirira zaka 60 ndiwo amamwalira kwambiri chifukwa cha kugwa. Maso awo amachedwa kuzolowera akachoka padzuwa kulowa m'chipinda chamdima, ndipo ena amachita chizungulire akadzuka mofulumira pampando wa basi, choncho aziima kaye pang'ono asanayambe kuyenda. Nthawi ya chakudya nayonso isasunthe, makamaka chifukwa cha odwala matenda a shuga ndi amene amamwa mankhwala pa nthawi yoikika.

Ngati tsiku silinasankhidwe, pakati pa mlungu ndi pabwino chifukwa anthu amachepa m'malo oterewa. Angaganizirenso za 1 Okutobala, tsiku limene bungwe la United Nations linakhazikitsa mu 1990 kuti dziko lonse lizikumbukira anthu okalamba.

Ntchito yako pa tsikulo ndi kuyenda pambali pa amene watsalira m'mbuyo, osawakoka dzanja, koma kuwauza mwaulemu pamene pali sitepe kapena dzenje. Ndipo usanapereke maganizo anga onsewa, uyambe wawafunsa agogowo kumene iwo akufuna kupita. Mwina wina akulakalaka kuonanso nyumba imene ankagwiramo ntchito, kapena sukulu imene anaphunzirako, ndipo basi ikhoza kungodutsa pamenepo pang'onopang'ono popanda aliyense kutsika.

Undilembere kalata yondiuza malo amene asankha. Upereke moni kwa agogo, bambo ndi mayi ako.

Ndine azakhali ako okukonda.