Kwa Nabanda: za maloto ako ndi zimene wauzidwa kumapemphero

Nabanda, mwana wanga,

Kuno tadzuka bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chabwera ndi ukali. Nkhungu ikumakuta phiri la Chongoni mpaka dzuwa litakwera ndithu. Mbatatesi takumba, nyemba tapuntha. Mauthenga ako a pa WhatsApp ndamvera onse, ndipo ndaona kuti nkhani yake si yoyankha ndi chala pafoni. N'chifukwa chake ndatenga cholembera, mlongo wako ajambule akutumizire.

Ukuti agogo ako akumakubwerera kutulo, atakhala pakhonde akutong'ola chimanga, osayankhula, osakuyang'ana. Ukuti mutu sukupola, tulo tikumabwera atambala akulira, geni ya kaunjika yalowa pansi. Ndiye kumapemphero kumene wayamba kupitako mneneri wakuuza kuti amene ukuwaonawo si agogo ako koma chiwanda cha kumtundu, kuti wakumanga ndi nkhalamba ina yakwanu yopanda ana, kuti usiye dzina la agogo ndipo kumudzi usadzapondeko. Nkhalamba yopanda ana pamudzi pano ndi imodzi, tonse tikuidziwa. Koma tandiuza, mneneriyo anatchula dzina? Sanatchule. Iye anangoponya mawu, dzina unaikapo wekha. Ndi mudzi uti kuno ku Dedza, kaya ku Ntcheu, umene ulibe gogo wofedwa ana wokhala yekha?

Sindikukuletsa kupemphera. Ndine mayi wa Chigwirizano, yunifolomu yanga umaichapa ndiwe ukabwera. Sindikunenanso kuti zobisika kulibe. Chimene ndikufuna udziwe n'chakuti makolo athu, amene lero akungotchedwa amumdima, nkhani zoterezi ankazigwira mosamala kuposa mmene ena akuzigwirira masiku ano Baibulo lili m'khwapa.

Nthano ya Kaphirintiwa ukuikumbukira? Kalekale dziko linali gwa, lopanda chamoyo. Mvula itagwa kumwamba kunatseguka, Chauta anatsika pamodzi ndi mwamuna, mkazi ndi nyama zonse, n'kuponda pathanthwe lidakali lofewa ku Dzalanyama uko, ndipo akuluakulu amati mapazi awo anatsalira pamwalapo. Ankakhala onse mwamtendere. Tsiku lina munthu akuseweretsa timitengo tiwiri, kena kofewa kena kolimba, kupekesa, kupekesa, moto buu! Tchire lonse linayaka. Galu ndi mbuzi anathawira kwa munthu, njovu ndi mkango ndi zinzawo zinathawira kuthengo zili ndi mkwiyo. Birimankhwe anakwera pansonga pa mtengo n'kuitana Chauta kuti amutsatire, koma Chauta anati wakalamba, sangakwere. Kangaude ndiye analuka ulusi wake n'kumukweza kumwamba. Ali kumeneko analamula kuti munthu azifa, azipita kumene iye ali.

Ndinkaifotokoza nthano imeneyi kwa ana m'kalasi chaka ndi chaka, ndipo chimene chimandigwira mtima mpaka lero n'chakuti mulibe mfiti m'menemo. Palibe nkhalamba imene inachita nsanje, palibe mdani wochokera kutsidya. Chimene chinabalalitsa mtendere chinatuluka m'manja mwa munthu mwini wake, akungosewera, ndipo sichinali choipa chokhachokha, poti moto womwewo ndi umene tikuphikira nsima ndi kuwotha m'chisanu muno. Agogo ako akafika pamenepa ankaima, n'kutiyang'ana mmodzimmodzi, amvekere: "Nanga iwe lero wapekesa chiyani?"

Maloto nawo ankawatenga chimodzimodzi. Munthu akalota malemu sankathamangira kufunsa kuti wandilodza ndani. Ankakauza atsibweni ndi akuluakulu a pabanja, ndipo funso loyamba linali lakuti, kodi tawalakwira pati? Kumanda sikunalambulidwe? Pali ana awo amasiye amene tawataya? Pali abale awiri amene sakupatsana moni? Akapeza chifukwa ankatenga ufa kapena mowa, kupita patsinde pa mtengo, kugwada, kuwomba m'manja, "Pepa, pepa." Ife a mpingo nsembeyo sitithira, ndipo sindikukutuma kuti ukathire. Koma funso lija usalitayire limodzi ndi nsembe.

Ndiye tiye tilifunse. Agogo ako anatisiya mu Januwale 2021, Covid itafika povuta, maliro akuikidwa mothamanga ngati tikuba. Iwe unali ku Blantyre, mwambo unautsatira pafoni. Sunagone pasiwa, sunaponye dothi m'manda, pometa sunakhalepo. Amenewo ndi amene anakubereka kumsana ine ndili ku koleji ya aphunzitsi, amene anakupatsa dzina lawo, amene unkagona nawo mphasa imodzi mpaka utatha msinkhu. Chimwalirire chawo sunawalire mokwana, ndipo manda awo sunawaone. Ukudabwa kuti akukubwerera atakhala chete, osakuyang'ana? Achewa sanali opusa poika kumeta kawiri, koyamba patangodutsa masiku ochepa, kachiwiri patapita miyezi, ndi mowa ndi gule, kuti mzimu uperekezedwe ukakhazikike. Kuperekezako kunkathandizanso otsala. Mtima wa wofedwa sutsika tsiku limodzi.

Za kudambwe sindinena, si za ife amayi, ndiponso ukudziwa kuti mpingo wathu ndi gule sizinamwerane madzi kuyambira kale. Koma ndinakulira pafupi ndi bwalo, ndipo maso ndi makutu ndinali nawo. Kasiyamaliro amabwera pamaliro kudzatenga mzimu, wamtali, wolukidwa ndi makoko a chimanga. Chadzunda amalowa akutsimphina ngati nkhalamba yotheratu, ng'oma zikakolera n'kuyamba kutimba fumbi kuposa mnyamata. Simoni ndi nkhope yake yofiira ija amaseka mzungu wopsa ndi dzuwa. Anthu amafa nazo nseko, koma utchere khutu ku nyimbo zimene amayi akuvomera: zikunena mwamuna waulesi, mkamwini wosamva, mkazi wamiseche, mfumu yadyera. Umaseka, umaseka, kenaka n'kuzindikira kuti amene akunenedwayo ndiwe, ndipo palibe wakutchula dzina. Umabwerera kunyumba wekha ndi manyazi ako, mawa n'kudzuka molawira kupita kumunda.

Akunja anaona kuti pamenepa pali nzeru. Bungwe la UNESCO, loona za maphunziro ndi chikhalidwe padziko lonse, linalemekeza Gule Wamkulu mu 2005, ndipo mu 2006 linaika m'kaundula wa chuma cha dziko lonse zojambula za m'mapanga athu a Chongoni, malo 127, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, zina mwa izo zophunzitsira anamwali. Pa Chencherere pompa, pamene munkapita ndi anzako kukatola nkhuni. Ku Mua nako, wansembe wa Katolika, bambo Claude Boucher, anayambitsa malo a zachikhalidwe otchedwa Kungoni mu 1976, n'kukhala zaka zambiri akufunsa akuluakulu tanthauzo la chilombo chilichonse. Wansembe wochokera ku Canada anakhala pansi kumvetsera, pamene mwana wobadwira pano akuuzidwa kuti zakwawo zonse ndi ziwanda ndipo akuvomera osafunsa.

Usaganize kuti ndikuyeretsa zakale zonse. Mbali yoloza chala inaliponso, ndipo ndi imene inapha anthu. Mwabvi unatha miyoyo yambiri ya osalakwa, mpaka boma la atsamunda linauletsa ndi lamulo la 1911, lomwenso limati kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. M'zaka za m'ma 1930 kunabuka amchape, kuyambira cha ku Mulanje mpaka kufalikira maiko oyandikana nafe. Ankandandalitsa mudzi wonse pamzere, iwo n'kumayang'ana pakagalasi kuti aone mfiti, anthu n'kumwa mankhwala ofiirira, nyanga n'kuunjikidwa poyera. Kagalasi kameneko kankaona aliyense kupatula mwini wake wokagwira. Chala sichiloza mwini, mwana wanga. Mu 1995 ndinaona ndi maso anga malole odzaza anthu akudutsa pamsewu wa M1 kupita ku Machinga kwa Billy Chisupe, amene analota mankhwala akuti ochiza Edzi. Iyeyo sankalipiritsa n'komwe, kusiyana ndi mafuta a m'kabotolo a mneneri wakoyo, koma maliro sanaleke. Ndipo mu Januwale 2016 ku Neno anthu anapha nkhalamba zinayi chifukwa mphenzi inapha mtsikana. Mphenzi, m'nyengo ya dzinja.

Tsono tiye tinene za agogo ako aang'ono, poti ndiwo ukuwaganizira. Maso awo ndi ofiira, inde. Aphikira nkhuni zaziwisi m'kakhitchini kopanda zenera moyo wawo wonse. Amayankhula okha, inde. Ana awo onse ali kumanda, ayankhule ndi ndani? Mwezi wathawu tinawapeza usiku pamjigo, nsalu ili m'manja, akunjenjemera, akuti akufunafuna amayi awo, amene anamwalira ine ndisanakwatiwe. Tinawafunditsa bulangete, kuwakoleza moto, kuwapatsa phala. Kuchipatala anatiuza kuti ndi matenda oiwala amene amagwira okalamba ena, ndipo amakula pang'onopang'ono. Akadapezedwa ndi anyamata a kumowa, bwenzi m'mawa mwake mbiri ili ponseponse kuti ndege yaufiti yagwa pamjigo. Mawu amodzi ochokera kwa iwe, mwana wa m'tauni wophunzira, akhoza kukhala chilolezo cha miyala. Mudzi uno ndikuudziwa.

Za geni yako, tenga kope ulembe ngongole zonse, ya banki m'khonde, ya katapila ija unandibisira koma ndinamva, ndi zimene wapereka kumapemphero chiyambire. Uwerengenso kuti belo ya kaunjika unkaigula zingati kwacha isanagwe mu Novembala 2023 ndipo lero ukuigula zingati. Ukatero uone ngati pakutsala malo a mfiti. Za mutu, pita akakuyeze BP. Kumtundu kwathu ndi matenda athu amenewo, ine ndikumwa mapiritsi ake tsiku lililonse. Za bambo a ana ku Johannesburg, amene mwezi ndi mwezi akuti atumiza mawa, sindilemba pano. Tidzakamba pamaso, atsibweni ako alipo, poti ndiwo ankhoswe.

Dzina la agogo usalisiye. Sanali mngelo, anali ndi pakamwa, ndipo ukali umene uli nawowo unatengera iwowo, kuphatikizapo khalidwe lomakhala ndi chinthu mumtima osanena mpaka chikudwalitse. Ngati pali cha kumtundu chofunika kumasulidwa, ndi chimenecho, ndipo sichichoka ndi mafuta.

Abale tagwirizana kuti chiliza tidzaike mu Seputembala, anthu atagulitsa mbewu. Abusa adzabwera kudzapemphera. Ubwere ndi ana, ufike kudakali masiku, ukaone manda, ulire mmene ungathere, palibe adzakuletse. Ukagonenso usiku umodzi kwa agogo ako aang'ono. Ena onse akutisokoneza maina, koma lako sanaiwale, ndipo akumafunsa kuti unapita kuti. Uwatengere shuga ndi mafuta odzola. Mbali yako ya simenti ndi matumba awiri, koma ngati zavuta unene msanga, usakatengenso katapila chifukwa cha ife. Ukatsike pa Linthipe, mlongo wako adzakuchingamira ndi njinga yamoto. Ana uwaveke majuzi, kuno si ku Blantyre.

Upereke moni kwa adzukulu anga.

Ndine,
Mayi ako