Gordon Willis anamanidwa mphoto ya The Godfather

Akonzi,

Ndawerenga nkhani ya pa tsamba lanu la zamsangulutso, momwe munayamikira filimu ya The Godfather n'kunena kuti inasesa mphoto za Oscar, mphoto zikuluzikulu za mafilimu ku America. Kuyamikirako n'koyenera, koma kusesa ayi, sinasese. Ndipo mphoto ina imene filimuyi inamanidwa ndi imene yandigwiritsa cholembera lero.

Pa mwambo wa mu Marichi 1973 ku Los Angeles, filimuyi inatenga mphoto 3 zokha: ya filimu yoposa onse, ya wosewera wamwamuna wamkulu imene inapita kwa Marlon Brando, ndi ya kalembedwe ka nkhani yochokera m'buku, imene anagawana Mario Puzo ndi Francis Ford Coppola. Imene inakokola usiku umenewo ndi Cabaret, filimu ya nyimbo ndi magule, chifukwa inatola 8. Pa mphoto ya wotsogolera, Coppola anagonja kwa Bob Fosse. Al Pacino, James Caan ndi Robert Duvall, osewera a mu The Godfather, analimbirana mphoto imodzi, ya wosewera wamwamuna wothandizira, onse atatu n'kubwerako chimanjamanja. Brando naye yakeyo anaikana, n'kutuma Sacheen Littlefeather kukanena kuti sakondwa ndi mmene Hollywood inkaonetsera eni nthaka a ku America. Ena m'holomo anawakuwiza mayiwo, ndipo akuluakulu a Oscar anadzawapepesa mu 2022, kutatsala miyezi yochepa kuti amwalire.

Zimenezi zimakambidwa kawirikawiri. Amene sakambidwa ndi Gordon Willis, mkulu wa makamera pa filimuyi. Iyeyu ngakhale pa mndandanda wa opikisana sanamuikepo n'komwe.

Ine ndagwira kamera zaka zambiri, kujambula maukwati ndi zithunzi za pa ziphaso. Amene anandiphunzitsa ntchitoyi lamulo lawo linali limodzi: nkhope iwale, maso aoneke. Choncho tsiku loyamba kuonera filimuyi, pa tepi ya vidiyo yobwereka, ndinadzuka kukawonjezera kuwala pa TV poganiza kuti tepiyo yatha ntchito. Mu filimumo chipinda chili bii. Munthu wina, amene ntchito yake ndi yokonza maliro, akudandaulira Don Corleone, bwana wa zigawenga amene Brando akusewera, za mwana wake wamkazi amene anyamata anamuvulaza. Nkhope ya Don ikuoneka, koma pamene payenera kukhala maso pali mdima. Kenaka kamera inatuluka panja, kumene kunali ukwati, dzuwa lili ngwee, anthu akuvina. Apo m'pamene ndinabwerera pampando ndikudziwa kuti tepi ilibe vuto. Willis anapachika nyali pamwamba pa mutu wa Brando, kuti maso abisike ndipo woonera asadziwe zimene mkuluyo akulingalira. Panja banja likusangalala, m'kati akupangana za magazi, ndipo zonsezi wakuuzani ndi kuwala kokha, munthu asanatsegule pakamwa kufotokoza.

Tepi ija ndinaibweza mochedwa, nditaionera katatu. Kuyambira pamenepo ndinasiya kuopa mthunzi. Ndikamajambula munthu wachikulire ndinayamba kumukhazika pafupi ndi windo, mbali imodzi ya nkhope n'kuisiya ili mumdima, ndipo zithunzi zimenezo ndi zimene eni ake ankabwera kudzachapitsanso.

Mphoto ya kajambulidwe chaka chimenecho inapita kwa Geoffrey Unsworth wa Cabaret, mmisiri wabwino amene sindingamunyoze. Chimene chimandipweteka n'chakuti mu 1974 itatuluka The Godfather Part II, imene inatenga mphoto 6, kuphatikizapo ya Coppola ndi ya Robert De Niro, Willis anamudumphanso. Anadzamupatsa Oscar yaulemu mu 2009, ali nkhalamba, ndipo mu 2014 anamwalira. Pacino naye anadikira mpaka 1993 kuti agwire yake, pa filimu ina yosakhudzana ndi banja la Corleone.

N'chifukwa chake ndimakana kuyeza filimu ndi kuchuluka kwa mphoto. Mu 1990 laibulale yaikulu ya boma la America, Library of Congress, inaika The Godfather m'gulu la mafilimu oyenera kusungidwa mpaka kalekale. Lero tsegulani filimu iliyonse ya zigawenga, mudzapeza bwana wa gulu atakhala m'chipinda chamdima, akuyankhula motsitsa mawu, nyali ili pamwamba. Ambiri mwa achinyamata amene akujambula choncho sadziwa kuti njirayo anailambula ndani.

Palinso china chimene mdima umenewu umanena, chimene ena oonera amachiphonya akamamutama Michael Corleone, mwana wa Don amene Pacino akusewera, ngati ngwazi. Mnyamatayu timakumana naye padzuwa, pa ukwati uja, atavala yunifolomu ya usilikali, akuuza bwenzi lake Kay kuti iye sali ngati abale ake. Pomatha filimu ali m'chipinda ngati chija cha bambo ake, atangomunamiza Kay yemweyo, amuna akumupsompsona dzanja, ndipo chitseko chikutsekedwa mkaziyo ali kunja. Willis anatenga munthu amene anali poyera n'kumulowetsa mumdima pang'onopang'ono kwa maola pafupifupi atatu. Ine pamenepo sindionapo chipambano, ndimaona munthu amene watayika.

Pempho langa, akonzi, ndi lakuti mukadzalembanso za filimuyi mudzakonze chiwerengero chija, ndipo pambali pa Brando ndi Coppola mudzaikepo dzina la Gordon Willis.

Ine wowerenga wanu,
Wojambula zithunzi wopuma pa ntchito